Zithunzi Zikamatuluka Zachimbuuzi, Musathamangire Kutaya Kamera

Mwezi sutha osamva dandaulo lomweli. Munthu wagula kakamera kolowa m'thumba, kaya ndi Canon IXUS, Nikon Coolpix, Sony Cyber-shot kapena Panasonic Lumix, wakajambula nako chinkhoswe cha mphwake ku Cosmo City, koma pofika kunyumba n'kuziika pa kompyuta, zithunzi zonse zachimbuuzi. Nkhope ya mwini chinkhoswe ikuchita kuoneka ngati ukuionera m'madzi ovunduka. Kenako foni imalira: "Achimwene, kamera ija anandigulitsa yakufa."

Ndakhala ndikujambula zochitika za Amalawi anzathu kuno ku Johannesburg kwa zaka zingapo, kutchalitchi, pa maukwati, ngakhale pa misonkhano ya magulu othandizana pa maliro. Makamera ambiri amene anthu amandibweretsera kuti ndiwaone amakhala amoyo ndithu. Gwero la vuto nthawi zambiri ndi kuwala. Kakamera kakang'ono kamafuna kuwala kochuluka kuposa mmene maso athu amatiuzira, ndipo kukachepa, chimbuuzi chimalowera makomo osiyanasiyana. Khomo lililonse limasiya chizindikiro chake pa chithunzi. Ndiye musayambe ndi kutembenuzatembenuza kamera. Yambani ndi chithunzi chimene chalakwikacho.

Chitseguleni pa sikirini ya kamera, muchikulitse ndi batani la zoom mpaka pothera, muyang'ane mbali zonse: nkhope, khoma, mipando, zolemba zapakhoma. Kenako dinani batani lolembedwa DISP kapena INFO mpaka patuluke manambala. Mudzaona zinthu ngati 1/8 (nthawi imene kamera inakhala yotsegula kuti kuwala kulowe), F5.9 (kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi), ISO 800 (mphamvu imene kamera ikumvera kuwala). Manambala atatuwa ndiwo mboni zanu, ndipo woyambayo ndiye amene amaulula zambiri.

Ngati zonse zili pachithunzipo zakokeka, anthu ndi khoma lomwe, ndipo nyali zapadenga zaoneka ngati timizere kapena tinyongolotsi, dziwani kuti kamera inagwedezeka m'manja mwanu. Mkati mwa kamera muli shutter, imene imatsegula n'kutseka ngati chikope kuti kuwala kulowe. Panja masana, mwachitsanzo pa Zoo Lake dzuwa lili pamutu, imaphethira kwa 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi, ndipo ngakhale dzanja litanjenjemera bwanji palibe chimene chimaoneka. Koma mukalowa mu holo ya renti ku Rosettenville momwe muli mababu anayi okha, kamera imasiya chikope chija chotsegula kwa 1/15, 1/8, mwina 1/4 ya sekondi kuti itolere kuwala kokwanira. Pa nthawi imeneyo dzanja la munthu aliyense limasuntha, ngakhale la munthu wodekha chotani. Magetsi akazima n'kuyatsa nyali zotchaja zija ndiye zimanyanyira.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti zoom imadya kuwala. Pa makamera otsika mtengo, mukayang'ana kutsogolo kuzungulira lenzi mupeza polembedwa manambala onga 1:3.3-6.9. Tanthauzo lake n'lakuti lenzi ikakhala yosakoka imatsegula mpaka f/3.3, koma mukakoka zoom mpaka kumapeto imangofika f/6.9, ndipo nambalayi ikamakula, kabowo kolowera kuwala kamachepa. Kusiyana kumeneku si kochepa. Kuwala kolowa kumatsika n'kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4. Pamwamba pa apo, zoom imakulitsa chilichonse, kunjenjemera kwa dzanja komwe. Ojambula akale ali ndi lamulo lawo limene likugwirabe ntchito: shutter isachedwe kuposa 1 pa kutalika kwa lenzi. Lenzi ikakhala pa 28 mm (pa muyeso wa makamera a filimu ya 35 mm, osati manambala olembedwa pa lenzi ya kakamera kakang'ono), 1/30 ikhoza kukwanira. Ikakokedwa kufika 200 mm, pafunika 1/200. Mu holo yamdima ija 1/200 simungaipeze. Choncho amene wakhala benchi yakumbuyo n'kumakoka zoom kuti ajambule abusa kuguwa, akudzitchera yekha msampha kawiri.

Mankhwala ake oyamba ndi miyendo. Bwezani zoom, nyamukani, sunthirani pafupi. Ndikudziwa kuti ambirife timachita manyazi kudutsa pamaso pa akuluakulu mwambo uli mkati, koma mukapempha kwa atcheya mwambo usanayambe, amakupatsani malo kutsogolo mosavuta. Kenako gwirani kamera ndi manja awiri, zigongono zikhale zokanikiza nthiti, osati kutambasula mikono ngati mukupereka mbale. Tsamirani khoma kapena chipilala. Podina batani musalibaye, likanikizeni pang'onopang'ono mutatulutsa mpweya. Ngati anthu angoima phee, monga pa chithunzi cha gulu, ikani kamera pa tebulo kapena pamsana pa mpando, mutchere timer ya masekondi 2, mudine n'kuchotsa dzanja. Njira yokhayi yapulumutsa zithunzi zambiri kuposa china chilichonse chimene ndimadziwa.

Onaninso mu menu ngati chothandiza kuchepetsa kugwedezeka chili choyatsa. Canon amachitcha IS, Nikon amati VR, Sony amati SteadyShot, Panasonic amati O.I.S. Pa kamera yogula kwa munthu wina mumatha kupeza kuti mwini woyambayo anachizimitsa.

Tsono pali mtundu wina wa chimbuuzi umene umasokoneza anthu kwambiri. Khoma lili bwinobwino, keke ili bwinobwino, maluwa akuoneka tsamba lililonse, koma anthu ndiwo asanduka utsi. Apa dzanja lanu lilibe mlandu. Amene anasuntha ndi ojambulidwawo. IS kapena VR ija imangogwira kamera, singagwire azakhali amene akuvina pa perekaniperekani ndalama zili m'mwamba. Munthu woyenda pamafunika 1/125 kapena kuposerapo, wovina 1/250 mpaka 1/500, ndipo ana othamanga chimodzimodzi.

Kuti shutter ifulumire m'malo amdima, muyenera kukweza ISO, ndipo apa m'pamene kuchepa kwa kakamera kamaonekera. Sensa ya makamera ambiri ang'onoang'ono, imene amaitcha 1/2.3, ndi ya mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi. Ndi yaing'ono kuposa chikhadabo cha chala chakanise. Pa ISO 100 mpaka 400 imatulutsa zithunzi zoyera bwino. Ikafika 800 timadontho timayamba, ndipo pa 1600 kamera poyesa kufufuta timadonthoto imapaka nkhope ngati phala, tsitsi n'kusanduka chibulunga chimodzi. Komabe ine ndimati bola timadontho kusiyana ndi utsi. Chithunzi cha madontho agogo kumudzi amamuzindikira mdzukulu wawo. Chautsi sangamuzindikire. Ndiye mkati mwa holo musaope ISO 800. Ngati kamera yanu ili ndi S kapena Tv, malo osankhira nokha liwiro la shutter, sankhani pamenepo muike 1/125. Ngati ilibe, fufuzani mu SCN, mndandanda wa njira zojambulira zotcheredwa kale, chizindikiro cha munthu wothamanga, kapena cha ana ndi ziweto, chifukwa zimenezi zimauza kamera kuti ifulumize shutter.

China ndi kudziwa nthawi yodina. Gule aliyense ali ndi kamphindi kamene thupi limaima lisanabwerere. Kwaya ikamayimba, pali pamene amakoka liwu lalitali mitu ili chilili. Dikirani pamenepo. Ndipo jambulani zitatu kapena zinayi motsatizana, chifukwa nthawi zambiri chachiwiri kapena chachitatu ndicho chimatuluka chakuthwa.

Koma kunena zoona, zithunzi zofunika kwambiri zitulutseni panja. Mapemphero akatha, amayi a Mvano asanavule yunifolomu, apempheni aime pakhomo kapena pamthunzi wa khoma. Ndinaona izi pa ubatizo wa mwana wa mlamu wanga. Mkatimo ndinajambula zambiri, zabwino zinali zowerengeka. Titatuluka ndinaimika banja lonse pansi pa mtengo wa jacaranda, unali Okutobala maluwa ofiirira aja atagwa mbwee pansi, ndipo kakamera komweko kanatulutsa chithunzi chooneka ulusi uliwonse wa shawelo ya mwanayo. Chithunzicho chili pakhoma kwawo ku Ntcheu.

Nanga fulashi? Imathandiza, koma mkono wake ndi waufupi. Ya kakamera kakang'ono imafika mamita 3 kapena 4 lenzi ili yosakoka, ndipo mukakoka zoom imalekeza pafupi kuposa pamenepo. Kuwala kwake kumatha msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4. N'chifukwa chake mukajambula muli kumbuyo, mumapeza nkhongo za anthu a benchi yakutsogolo kwanu zili mbee, pamene kwaya imene mumafunayo ili bii. Ngati simungafike mamita 3, izimitseni fulashiyo. Ngati mwafika, iyatseni, chifukwa kung'anima kwake n'kwachangu kwambiri moti kumaimitsa ngakhale wovina. Chenjerani ndi malo olembedwa Slow Synchro kapena Night Portrait. Pamenepo fulashi imang'anima koma shutter imatsalabe yotsegula, ndipo munthu amatuluka ndi mzukwa wake pambali.

Timipira toyera tozungulira timene timaoneka pa zithunzi za fulashi tisakuopseni. Ndi fumbi louluka pafupi ndi lenzi limene fulashi yaliwalitsa. Mu Ogasiti, mphepo ikamaulutsa fumbi la milu ya m'migodi ija, timachuluka.

Pali vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi chimbuuzi, la nkhope zakuda bii zosaoneka maso ndi mphuno. Kamera imayesa kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye ikaona diresi yoyera ya mkwatibwi, khoma loyera kapena windo lowala kumbuyo, imachepetsa kuwala, ndipo khungu lathuli ndi limene limalipira. Dzuwa la kuno n'lakuthwa, mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo masana mithunzi ya m'maso ndi ya pansi pa chipewa imada kwambiri. Fufuzani batani la chizindikiro cha +/- mukweze kufika +0.7 kapena +1. Kapena yatsani fulashi mokakamiza ngakhale kuli dzuwa, munthu ali mamita 2 kuchokera pamene mwaima. Windo likhale kumbuyo kwanu, osati kumbuyo kwa wojambulidwa.

Tibwerere ku chimbuuzi. Mwina mwakulitsa chithunzi n'kupeza kuti palibe kukokeka kulikonse, koma munthu ndi wofewa pamene mpanda wakumbuyo kwake ukuoneka waya uliwonse. Kamera inalunjika polakwika. Batani lojambulira lili ndi masitepe awiri. Mukalikanikiza theka, kamera imafufuza, imalira pang'ono, kabokosi kobiriwira n'kuoneka pa chimene yalunjika. Mukapitiriza mpaka pansi m'pamene imajambula. Ambiri amadumpha sitepe yoyambayo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani kabokosi kobiriwira, ndipo onetsetsani kuti kali pankhope. Kakakhala kachikasu kapena kofiira, kapena kakuphethira, kamera yalephera, siyani batani muyambirenso. Anthu awiri akaima moyandikana, kabokosi kamatha kudutsa pakati pawo n'kukagwira khoma. Lozani pankhope ya mmodzi, kanikizani theka, musasiye chala, sunthani kamera kuti onse alowe, kenako malizani.

Mumdima kapena pa chinthu cha mtundu umodzi, monga suti yakuda, kamera imasowa pogwira. Ilozeni pamene kolala yoyera yakumana ndi jekete. Ndipo yang'anani pa sikirini ngati pali chizindikiro cha duwa. Chimenecho ndi macro, chojambulira zinthu zapafupi kwambiri ngati mphete kapena risiti, ndipo pa makamera ena chikatsala choyatsa zakutali zonse zimafewa. Ana akaseweretsa kamera, kawirikawiri n'chimene amasiya atadina.

Pojambula kudzera pa galasi la basi, monga pa ulendo wochokera ku Park Station kupita kumudzi, kamera imakonda kugwira litsiro la pagalasi. Zimitsani fulashi, yandikizani lenzi pafupi ndi galasilo koma isagunde, ndipo sankhani chizindikiro cha phiri, chojambulira zakutali. Pa zipata za malire, ku Beitbridge, Nyamapanda kapena Mwanza, kamera ikhale m'chikwama.

Tsopano ngati zithunzi zonse, ngakhale zapanja masana, zikuoneka ngati kuli nkhungu, nyali zili ndi mphete yoyera mozungulira, tembenuzani kamera muyang'ane lenzi mopendeketsa pa kuwala. Nthawi zambiri mupeza chidindo cha chala. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, khungu limauma n'kuchita mbuu ndipo tonse timadzola mafuta ambiri. Kukhudza kamodzi kokha lenzi yonse yapakika. Galasi lake ndi laling'ono, choncho chidindo chimodzi chimaliphimba lonse. Musapukute ndi malaya kapena tishu. Fumbi la kuno lili ndi timchenga, ndipo mukalikhutiza pagalasi limakanda mpaka kalekale. Yambani mwaliuluza ndi kampira kopopera mpweya kamene amagulitsa m'mashopu a makamera, kenako pukutani mopepuka ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso, kuyambira pakati kuzungulira kupita kunja. Musakanikize, chifukwa lenzi yotuluka ndi kulowa ija imayenda pa timano ta pulasitiki tosachedwa kuthyoka. Ngati pavuta, donthezani madzi opukutira lenzi pa kansalu, osati pagalasi.

Kamera ikachoka pozizira n'kulowa m'chipinda chofunda momwe mukuwira madzi a nsima, lenzi imachita thukuta. Isiyeni m'chikwama kwa kanthawi, ziuma zokha. Ndipo batire imafooka msanga kukazizira, choncho yapadera muziisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi.

Pali dandaulo limene limachokera kumudzi: "Zithunzi mwatumizazi sizikuoneka bwino." Inu mukayang'ana pa kamera zili zakuthwa. Apa kamera ilibe chifukwa. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye data yambiri, ndipo chikadutsa m'mafoni atatu kapena anayi, wina n'kuchita screenshot, chimafika chitatheratu. Kuyambira 2023 muli batani la HD potumiza, koma ngati akufuna kukachapitsa kuti apachike pakhoma, tumizani ngati Document kuti chifike chathunthu. Musajambulenso sikirini ya kamera ndi foni, gulani card reader, kachipangizo kosamutsira zithunzi kuchoka mukadi ya kamera. Onaninso mu menu kukula kwa chithunzi. Ndinapezapo kamera ya mayi wina wa ku Yeoville itatcheredwa pa VGA, madontho 640 kwa 480 okha, chifukwa mwana wawo anafuna kuti mukadi mulowe zithunzi zambiri. Ikani pa L kapena pa nambala yaikulu kwambiri. Pomweponso zimitsani digital zoom, chifukwa imeneyo siyandikitsa kanthu, imangodula pakati pa chithunzi n'kutambasula.

Mwayesa zonsezi koma mukukayikirabe kamera? Iyeseni motere. Matani tsamba la nyuzipepala pakhoma panja pamthunzi wowala, lowongoka bwino. Ikani kamera pa tebulo moyang'anizana nalo, mita imodzi ndi theka kuchokera pakhomapo. ISO 100, fulashi yozimitsa, timer ya masekondi 2. Jambulani lenzi ili yosakoka, kenako pakatikati, kenako kumapeto kwa zoom. Pa kompyuta werengani zilembo pakati ndi m'makona onse anayi. Makona kufewa pang'ono mofanana ndi khalidwe la makamera amenewa. Koma ngati mbali imodzi ikuwerengeka pamene inayo yasungunuka pa zithunzi zonse, magalasi a mkati anasuntha, kawirikawiri chifukwa kamera inagwa lenzi ili kunja. Ngati pali banga lakuda pamalo amodzimodzi nthawi zonse, looneka kwambiri mukajambula thambo mutakoka zoom, ndi fumbi limene linalowa mpaka pa sensa. Ziwirizi n'zofuna mmisiri. Funsani mtengo asanatsegule, chifukwa pa kakamera kotsika mtengo kukonzetsa kumatha kupitirira kugula ina yogwiritsidwapo kale ntchito.

Chimodzimodzi uthenga wa "Lens error", lenzi ikakanirira panjira. Tchajani batire idzaze, chotsani kadi, uluzani fumbi m'mipata ya lenzi, muyatsenso. Musaikoke kapena kuikankha ndi dzanja. Vutoli limayamba kawirikawiri kamera ikayaka yokha m'thumba la jini lenzi n'kusowa potulukira, ndiye kachikwama kolimba n'kofunika.

Mayeso a nyuzipepala aja achiteninso pogula kamera yakale, kaya m'shopu ya pinyolo m'tauni kapena kwa munthu wa pa Facebook Marketplace. Pitani ndi kadi yanu, ndipo dziwani kuti makamera akale kwambiri amangowerenga SD ya 2 GB kutsika pansi, ena amafika SDHC ya 32 GB, ndipo SDXC ya 64 GB amaikana. Yatsani ndi kuzimitsa kasanu mukumvetsera ngati lenzi ikukukuta. Jambulani chikwangwani cha tsidya lina la msewu, muchikulitse, muwerenge. Mamegapikiselo, kuchuluka kwa madontho opanga chithunzi, asakukopeni, 12 kapena 16 ndi okwana kuchapitsa chithunzi chachikulu cha pabalaza. Ngati zambiri zimene mumajambula ndi zam'tchalitchi ndi m'maholo, zoom ya 30x kapena 40x sikuthandizani. Yang'anani nambala yoyamba ya pa lenzi ikhale yaing'ono, f/1.8 kapena f/2.0, ndipo thumba likalola, sensa ikhale ya inchi imodzi, ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, imene malo ake ndi aakulu pafupifupi kanayi kuposa ya 1/2.3 ija. Sony RX100 yoyamba, imene inatuluka mu 2012, ndi Canon PowerShot G7 X zili m'gulu limeneli. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsayo mulowe nayo pakona yamdima ya shopu, mumujambule iyeyo popanda fulashi, mudine DISP muone nambala yoyamba ija. Ikakhala 1/60 kapena yofulumira kuposa apo pa ISO 800, kamerayo idzakwanitsa holo ya Lamlungu.